Makutu a Don Evelio

Don Evelio anaimba zeze m'maphwando a m'chigawo cha Casanare zaka makumi atatu, mpaka nyamakazi inawapinda zala. Makutu okha ndiwo anakana kukalamba, ndiye anatsegula kagalaja pansi pa mtengo wa mango.

Tsiku lina kunafika Yesid, dokotala wa ng'ombe, pa njinga yamoto yayitali ija yoyenda pa tala ndi m'tchire momwe.

"Madala, ndikangoti ndithamange, kutsogoloku kumavina, chiwongolero chimafuna kundipulumuka. Anzanu akuti ndigule tayala latsopano."

"Anzanga akewo ndi agonthi," anatero Don Evelio.

Anakweza njingayo pa chitsa nagwedeza khosi la chiwongolero, koma linali nganganga. Mpweya wa m'tayala nawo unali wokwanira. Apo anatenga sipanala nayamba kugogoda masipoko imodziimodzi atatsinzina. Ngwee, ngwee, ngwee, kenako phu!

"Wamva, mwana iwe? Atatu awa akuimba za maliro pa ukwati. Akhwepa, ndiye gudumu likuyenda mwa njoka."

Anawakunga pang'onopang'ono ngati nsambo za zeze mpaka onse analira mofanana. Yesid anakaiyesa pamsewu, nabwerako mano onse ali pamtunda.

"Madala, makutu anuwa ndi ufiti!"

Doña Hermencia, akazi a Don Evelio, anasuzumira pakhomo atagwira m'chiuno. "Ufiti wa chiyani? Kachitsulo kakadandaula amamva. Ine ndadandaula za denga lodontha mvula zisanu!"

Don Evelio anaika dzanja kukhutu natembenukira kwa Yesid. "Akuti chiyani amayiwa?"