Bwalo limene anatipatsa ife atsikana a ku Zambia

Mukafika kwathu, m'mbali mwa msewu wopita ku Mualadzi, anthu akuonetsani jaridi monyadira. Ndi malo opumulirapo: pali mipando ya simenti, mitengo ya mango yopakidwa njereza m'munsi, akatungwe a ana, ndi bwalo la mpira chakumadzulo. Lamulungu anthu akaweruka ku Misa amakhala pamenepo n'kumadya nzimbe. Ine sindikhalapo. Ndikangoona mipandoyo mtima umandiwawa ngati zinachitika dzulo.

Nkhondo itatha tinabwerera kuchokera ku Zambia, ine ndi amayi. Abambo tinawasiya m'manda komweko. Kuno ndinachoka ndili kumsana, ndinabwera ndili namwali, choncho dziko langa lomwe sindinkalidziwa. Amene anatsala ankatitcha a ku Zambia, ndipo ankalitchula dzinalo ngati akutchula mphere.

Koma tinabwera ndi chinthu chimodzi chimene iwo analibe, netibolo. Kumsasa wa othawa nkhondo tinkasewera tsiku ndi tsiku, ndipo atsikana obwererafe tinkaifuna kuposa sopo. Vuto linali malo. Masiku amenewo munthu sankaponda patchire chisawawa, chifukwa asilikali anasiya mabomba okwirira. Tisanakwere lole yobwerera anatiphunzitsa mobwerezabwereza kuti tiziyenda pamene ena adutsa kale, ndipo tikakayika tizifunsa eni dera. Ife sitinali zitsiru. Tinafunsa.

Tinapita kwa bambo wina amene ankayang'anira timu ya mpira ya anyamata. Iyeyo sanathaweko nkhondo, ankadziwa chulu chilichonse ndi chitsa chilichonse cha m'mudzimo. Anyamata ake ankasewera pamalo opanikiza pakati pa tchalitchi ndi msewu, ndipo ankadandaula tsiku lililonse. Anatilandira akumwetulira.

"Malo alipo, ana anga," anatero. "Kuseri kwa mango ajawo n'pathyathyathya. Limanipo, bwalo likhala lanu."

Ndinafunsa ndine, ndi pakamwa panga pomwepa. "Kodi ndi pabwino, bambo?"

"Ine ndingakupatseni poipa?"

Tinalima. Tinabwereka makasu, tinazula zitsa mpaka manja kuchita matuza. M'dothi tinkapeza zitini zadzimbiri ndi makoko a zipolopolo, tsiku lina nsapato ya msilikali, koma tinkangotaya, poti zoterozo zinali paliponse. Tinazika mitengo iwiri ya bulugamu, pamwamba n'kukhomera malimu a njinga. Mpira tinaumanga ndi mapulasitiki ndi zingwe.

Titayamba kusewera, anthu ankabwera kudzaonera, ambiri ndithu. Koma onse ankaima mumsewu. Tinkawakodola atsikana anzathu kuti abwere tiwaphunzitse, iwo ankangoseka n'kubisa nkhope. Bambo uja anali ndi mwana wamkazi wa msinkhu wanga, wamtali bwino, woyenera kugoletsa. Tsiku lina mtsikanayo anatula ndowa yake n'kuyamba kutsika kubwera kwa ife. Bambo ake anamukuwira mwaukali moti anabwerera chothamanga, ndowa n'kuiiwala.

Ife tinati basi, akutinyoza. Akuopa kuti a ku Zambia tiphunzitsa ana awo kudumpha miyendo ili pamtunda. Tinapsa mtima, ndipo tinkasewera mwamakani, tikuponda mwamphamvu kuti fumbi liwapeze mumsewu momwemo. Mpira ukagwera mu udzu kuseri kwa mtengo wogoletsera, ndinkauthamangira ndine, chifukwa ndinali waliwiro komanso, kunena zoona, wokonda kuonekera. Bambo uja ankaombera m'manja.

Chilimwe chonse chinatha choncho. Mvula itayandikira anyamata anayamba kutsika, poyamba m'mphepete, kenako pakati penipeni, akuyeza ndi maso. Posakhalitsa tinamva kuti pamalopo pakhala jaridi ya mudzi wonse, ndi bwalo la mpira wa anyamata. Koma bwalo la anyamata linkafunika lalikulu kuposa pamene mapazi athu anafika. Pamenepo ndiye bambo uja anapalasa njinga mpaka ku Chifunde kukapempha anthu ofufuza mabomba.

Tsiku limene iwo anafika ndi limene ndinamva koyamba kuti kuseri kwa mango kunali malire a msasa wa asilikali, ndipo asilikaliwo ankatchera mabomba kuzungulira msasa wawo. Mudzi wonse unkadziwa. Azimayi ogulitsa mandasi ankadziwa, anyamata ankadziwa, ngakhale atsikana obisa nkhope aja ankadziwa. Osadziwa tinali ife tokha, amene tinkadumphapo opanda nsapato.

Ofufuzawo anatchinga malowo ndi zingwe n'kumakwawa ndi maondo, zitsulo zawo zikulira. M'bwalo mwathu sanapezemo kanthu. Bomba analipeza mu udzu muja, kuseri kwa mtengo wogoletsera. Analiphulitsa masana, tonse atatikankhira kutali. Nthaka inanjenjemera, mtengo wathu unagwa, ndipo limu la njinga linakakola m'nthambi za mango. Amayi anali pambali panga. Sanandigwire dzanja, anandigwira bondo, ndipo sanalisiye msanga.

Madzulo ake amayi anapita kwa bambo uja, ine ndili pambuyo. Amayi anali munthu wogwada polankhula ndi aliyense wamkulu, koma tsiku limenelo anaima chilili.

"Bambo, munkadziwa?"

"Sitinkadziwa bwinobwino, mayi. Ena ankati asilikali anazula pochoka, ena ankati ayi."

"Ndiye munatuma ana athu kuti akakuonereni."

"Sindinawatume. Anapempha okha."

"Nanga wanu uja munamuletseranji?"

Anayang'ana pansi. Ndinkayembekeza kuti apepesa, ndipo mwina ndikanamukhululukira. Atadzutsa mutu anati, "Koma palibe wavulala, mayi. Tiyeni tiyamike Mulungu."

Mawu amenewo ndi amene amandiotcha mpaka lero, chifukwa ndi oona. Palibe anavulala. Miyendo yanga ilipo yonse iwiri, ndiye ndikadandaule chiyani, kwa yani? Amayi anakauza akuluakulu a mudzi, iwo anati nthawi ino ndi ya mtendere, tisadzutse zakale. Zakale zake ziti, dzenje la bomba lili chitsegukire?

Jaridi anaitsegula ndi ng'oma ndi nyimbo. Pamene panali bwalo lathu anaikapo mipando, ndipo netibolo inathera pomwepo, poti palibe wa ife amene anafunanso kugwira mpira. Bambo uja wakalamba tsopano. Amakhala pampando wa pansi pa mango, ndipo alendo akafunsa mbiri ya malowo anthu amaloza iyeyo kuti ndiye anayambitsa. Ndikamadutsa amandipatsa moni, ine ndimayankha chifukwa amayi anandilera bwino, koma malovu amandiwawa m'kamwa.

Mdzukulu wanga wamkazi amakonda akatungwe aja. Akandipempha sindimukaniza, ndimamuperekeza. M'mudzi muno mulibe malo ena amene ndingamusiye athamange popanda nkhawa ngati amenewo, ndikudziwa ndine, ndinawaponda ndekha. Iye amatsika akuthamanga n'kumandikodola kuti ndibwere ndidzamukankhe. Ine ndimaima mumsewu, pomwe iwo ankaima paja.