Mbuzi za pa Kaseti ya a Chikoti

Amalume anga, a Gideon Chikoti a ku Nsaru, sankadziwa kuyimba. Ndikunena mosabisa, poti ngakhale a kwaya ya kumpingo adawapempha mwaulemu kuti azingothandiza kukonza mabenchi. Komabe nyimbo ankazikonda kuposa ife oyimbafe, ndipo zimene ankakondazo zinali zachilendo pamudzi. Zinali nyimbo zakale zachizungu, za magitala ndi malipenga okhaokha, zopanda woyimba.

Kaseti yake inali imodzi. Adawajambulira ndi mnzawo woyendetsa lole ya fodya chaka chomwe tidavotera matipate, koma sadalembepo dzina la nyimbo ngakhale limodzi. Amalume adangozipatsa mayina okha. Inalipo Njinga Yopanda Mabuleki, inalipo Chizimalupsa, ndiye panali ya kumtima kwawo, yoyenda pang'onopang'ono, imene ankaitcha Ulendo wa Ngolo. Posankha fodya wailesi inkakhala pambali pawo. Mabatire ankawayanika padzuwa, ndipo tepi ankaibweza ndi cholembera kuti moto usathe msanga.

Anthu ankawaseka kuti amamvera nyimbo zimene eni ake sadamalize kupeka.

"Nyimbo ya mawu imakuuza zoganiza," ankayankha choncho. "Iyi imakusiya uganize zako."

Masana ena adakhala pakhonde, wailesi ataikweza kwambiri, Ulendo wa Ngolo uli pakatikati. Akazi awo, azakhali a Esnart, adawaitana katatu kuchokera kuseri kwa nyumba koma osayankhidwa. Adabwera atapsa mtima n'kudina batani lofiira poyesa kuti n'lozimitsira. Linali lojambulira. Kuyambira tsikulo, gitala ikafika pokoma penipeni inkaduka, n'kumveka mawu a azakhali:

"A bambo a Paulo, kodi makutu mudabwereketsa? Mbuzi zalowa m'chigafa!"

Kenaka kunkamveka mapazi a munthu wothamanga, nyimbo n'kupitirira.

Amalume adadandaula zaka zambiri. "Mayi awa adandiphera gitala," ankauza mlendo aliyense. Azakhali sankachedwa kuyankha. "Nanga fodya uja adapulumutsa ndi gitala?" Nyimboyo ikamayandikira pamalopo, amalume ankatsitsa wailesi, nkhope itachita tsinya.

M'chaka cha 2011 azakhali adadwala matenda ofa ziwalo. Mwendo udabwerera pang'ono, koma dzanja lamanja ndi pakamwa zidakana. Mayi amene ankamveka kuchokera kudimba mpaka kumsewu adatsala wolankhula ndi maso. Ndipamene ndidaona kuti amalume asiya kutsitsa wailesi pamalo paja. Ankaikweza. Mawu akadutsa ankatulutsa kaseti, kubweza ndi cholembera, n'kumveranso. Azakhali ankaseka ndi mbali imodzi ya kamwa. Pa dziko lonse, mawu awo adatsala pa kachidutswa ka tepi kameneko basi.

Ine ndidachita mantha. Ndidawauza kangapo kuti andipatse kasetiyo ndikaijambulitse pa memore khadi ku Namitete isanathe.

"Ayi mphwanga," ankatero. "Akakaitaya kumeneko, ine ndidzagwira yani?"

"Ndiye tiyeni tonse, muzikaonerera."

"Tikatha kusankha fodya."

Fodya adatha, wina adabwera, nayenso adatha. Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma a ife ana sakoma ngakhale agonere zaka zitatu. Mpaka lero ndikadali ndi kamkwiyo, ndi iwo komanso ndi ine ndemwe, chifukwa ndikadangoiba kasetiyo tsiku limodzi.

Wailesi idaitafuna tepiyo Lachinayi lina m'mawa, pamalo pomwepo, poti ndi pomwe padapyapyala ndi kubwezabweza. Ndidawapeza pakhonde ali ndi lezala ndi kabotolo ka utoto wa zikhadabo kobwereka kwa mpongozi wawo. Adalumikiza bwino ndithu, koma chidutswa chotalika ngati mkono chinali chitanyenyeka. Adachikulunga m'pepala n'kuchiika m'thumba la malaya. 

Mwana wawo Paulo, yemwe amagwira ntchito m'tauni, adafuna kuwatonthoza. Adatenga kasetiyo, foni yake idazizindikira nyimbo zonse, ndipo adabwera nazo pa memore khadi pamodzi ndi kawailesi katsopano. Adabweranso ndi mayina ake enieni, amene amalume adakana kuwaphunzira. Tidazimvera Lamulungu masana titachoka kutchalitchi. Ndivomere, nyimbozo sizidakalambe. Zidzukulu zozolowera zaphokoso za masiku ano zidavina Njinga Yopanda Mabuleki mpaka fumbi.

Kenaka udayamba Ulendo wa Ngolo. Utafika pamalo paja, gitala sidaduke. Idakwera mokoma, yosalala, gawo lomwe lija amalume adalilira zaka zonsezo. Palibe adakondwa. Azakhali adayang'ana kawailesiko, adadikira, kenaka adayang'ana amuna awo. Maso a azakhaliwo adadzaza misozi.

"Paulo, tabweza," adatero amalume.

Paulo adabweza. Amalume adakhala tsonga, chala chili m'mwamba, akuwerenga mumtima monga ankachitira kale pofuna kutsitsa wailesi. Nthawi itakwana adatsegula pakamwa, ndi mawu awo aja okanidwa kukwaya:

"A bambo a Paulo, kodi makutu mudabwereketsa? Mbuzi zalowa m'chigafa."

Sadaphonye ngakhale pang'ono. Azakhali adaseka mpaka kutsokomola, n'kuwamenya pabondo ndi dzanja lawo lamoyolo.

Amalume adachita zimenezi tsiku lililonse kwa zaka zinayi zimene azakhali adakhalabe ndi moyo. Mwezi watha ndidawapeza ali okha pakhonde, nyimbo ija ikulira. Itafika pamalopo adanenabe mawuwo, motsitsa, kenaka adakhala chete kanthawi kofanana ndi kuseka kwa munthu.