Jekete Limene Ndinalikana

Utelala sindinauphunzire kusukulu. Sukulu ndinalekera Sitandade 6, kenako ndinakathyola tiyi ku Mulanje mpaka msana unakana. Nditabwerera kwathu ku Phalombe ndinali ndi mkazi, ana asanu, ndi manja osadziwa kanthu. Pamsika wathu, njira ya ku Chiwalo, pakhonde la sitolo ya a Chikwatu pankasoka mkulu wina amene anathawa nkhondo ku Mozambique, a Alfazema. Ndinakawapempha ntchito. Anayang'ana zala zanga, nati, "Umatha kusita?" Ndinati ndimatha. Tsiku lomwelo ndinawotcha kolala ya malaya a mphunzitsi.

Sanandithamangitse. Chaka chathunthu ndinali wa simbi ya makala, wa mabatani, ndi womasula misoko yokhota. Pambuyo pake anandikhazika pamakina opalasa ndi mapazi, opanda ulusi, kuti ndiziboola pepala mpaka timabowo tikhale pamzere umodzi. Lumo ndinaligwira chaka chachitatu. Mawu awo anali amodzimodzi: "Nsaluyo si yako. Mwini wake wagulitsa nkhuku kuti aigule." Chaka chimene tinavota koyamba zipani zambiri, a Alfazema anabwerera kwawo, nandisiyira khonde ndi makina awo akale. Pamenepo suti ndinali ndikuitha. Ndikunena zoona, kudera konseko panalibe wondiposa pa phewa la jekete.

Koma kaunjika anali atadzaza msika. Ndani akanagula nsalu pamene jekete lathunthu linali pamulu pansi pa mtengo? Ntchito yanga inasanduka kuchepetsa m'chiuno, kufupikitsa miyendo ya mathalauza, kusintha zipi ndi kuphatika zigamba pamatako a akabudula. Zaka zisanu ndi ziwiri ndinakhala choncho. Lumo lalikulu ndinkalinola osaligwiritsa ntchito.

Ndiye kunabwera Gusito. Anali mwamuna wa zaka ngati makumi atatu, kwawo ku Nazombe, koma wokulira ku Limbe. Ntchito yake inali yoimbitsa madisiko m'maholo ndi m'mabala, lero kuno mawa uko.

"Madala, akuti suti kuno mumatha ndinu."

"Sakunama."

Anatulutsa kapepala ka m'chikuto cha tepi ya nyimbo. Panali azungu anayi owonda, ovala zakuda kuyambira kukhosi mpaka kumapazi, nkhope zoyera ngati angotuluka m'chipatala.

"Awa aferedwa?" ndinafunsa.

"Ndi oimba, madala. Ndikufuna la wapakatiyu. Ndikamalowa m'holo, anthu aziika mabotolo pansi."

"Aphwanga, mukufuna kuoneka ngati mzukwa."

"Eya! Mwamva msanga bwanji."

Linali jekete lalitali lofika m'akakolo, lothina m'chiuno, lotambalala kumunsi, kolala yoimirira yofika m'makutu. Nsalu anabwera nayo yekha: yakuda bii, yolemera, ya suti yeniyeni, ndi ina yoterera yofiira ngati magazi yoti ikhale mkati. Anabweretsanso mabatani oyera ngati siliva khumi ndi awiri. Ine ndinali mkulu wa mpingo, ndipo chovalacho sichinandisangalatse. Koma nditagwira nsaluyo m'manja, ndinavomera asanamalize kulankhula.

Ndinamuyeza ndi tepi m'mapewa, pachifuwa, m'chiuno, mkono, ndi kuchokera pafupa la khosi mpaka kukakolo. Patani ndinajambula pamapepala a matumba a simenti, ndipo ndinayamba ndayesera pansalu yakale ya matumba a ufa ndisanakhudze yakudayo. Amene sanasokepo nsalu yakuda asanene kuti ndi telala. Ulusi wakuda pansalu yakuda suoneka. Umasoka ndi zala, osati ndi maso. Choko chimafufutika ukangopumira, choncho ndinkalemba ndi kachidutswa ka sopo wouma. Simbi ikaikhudza mwachindunji, nsaluyo imanyezimira ndipo sibwereranso, ndiye umasita pamwamba pa kansalu konyowa. Fumbi la pakhonde limaimamatira. Chifukwa cha fumbilo ndinalowetsa makina m'chipinda cha kumbuyo kwa sitolo, pafupi ndi zenera, ndi kumasoka m'mawa mokha dzuwa likamalowa bwino. Kolala ndinaimasula katatu isanaime.

Linatenga masiku khumi ndi awiri. Tsiku loyesa analipo ndi mai Esinati okha, amene ankagulitsa zitumbuwa pafupi ndi khonde langa. Anasuzumira pakhomo, nakuwa, "Mayo ine! Mwatisokera chiyani, atelala? Ana athu agona lero?" Tinaseka tonse. Gusito anazungulira, jekete linatsegukira kumunsi, chofiira chinaoneka n'kubisikanso. Pamoyo wanga sindinasokepo chinthu chokhala bwino pathupi la munthu ngati chimenecho.

Pomupatsa ndinamulamula. "Jekete ili silipindidwa. Lipachikeni, apo ayi livaleni. Mukadzaliponya m'chikwama musadzabwerenso kwa ine."

"Ndamva, madala."

Anamveradi.

Patapita miyezi ingapo, m'chaka chija cha njala, kunabuka mphekesera za anamapopa. Ankati kuli anthu ovala zakuda amene akulowa m'nyumba ndi timapaipi, kumapopa magazi a anthu ali mtulo. Palibe amene anawagwira, koma aliyense anali ndi msuweni amene anawaona. Mlendo aliyense ankaimitsidwa panjira. Kumudzi wina pafupi nafe anawotcha nyumba ya munthu amene ankamunena kuti amawasunga. Ine sindinkakhulupirira. Sindinkatsutsanso.

Linali Loweruka la msika, cha m'ma 3 koloko masana. Makina ndinali nditawabwezera pakhonde, ndikusoka zipi. Gusito anali ndi disiko madzulo amenewo paholo ina kutsogolo kwathu, ndipo zokuzira mawu zake zinali zitatsogola pa lole. Iye anatsika matola pamsika wathu kuti akwere ina. Anavala jekete lija chifukwa panalibe polipachika. M'manja anali ndi chikwama chodzaza mawaya.

Ndinamva phokoso ndisanaone kanthu. Kenako khamu linatulukira pakati pa mabenchi a tomato, likukankha munthu wakuda yense. Ambiri anali a kumidzi ya kuphiri, obwera kumsika, osamudziwa. Wina ankakweza mawaya m'mwamba akukuwa, "Mapaipi ake ndi awa!" Gusito milomo inali itatupa kale, koma mawu anali nawo.

"Funsani atelala! Ndikuti funsani atelala! Ndi awo ali apowo!"

Anamukokera mpaka pamasitepe a khonde langa. Wotsogolera anali mwamuna wogulitsa mbuzi, wamtali, ali ndi chibonga. Anagwira mphepete ya jekete naitembenuza kuti onse aone chofiira. Azimayi anakuwa.

"Madala, auzeni," anatero Gusito. "Auzeni kuti ndi la disiko."

Wa mbuziyo anandiloza ndi chibonga. "Mdala iwe, ichi wasoka ndiwe? Ndiwe umawasokera yunifolomu anthu amenewa?"

Ndinaona kolala yanga. Ndinaona msoko wa phewa umene ndinaumaliza ndi manja. Ndinaonanso miyala m'manja mwa anthu, ndipo ndinakumbukira nyumba yowotchedwa ija. Pansi pa makina panali dengu la zidutswa, ndipo pamwamba penipeni panali zotsala za nsalu yofiira, chifukwa telala sataya chidutswa chabwino. Ndinalikankhira kumbuyo ndi chidendene.

"Sindikulidziwa," ndinatero. "Telala wa kuno sangasoke chotere. N'chakunja chimenecho."

Sindinanong'one. Ndinanena momveka, ngati mmene ndimalengezera kumpingo.

Gusito sanakuwe. Anangoti, "Madala?"

Chibonga chinamupeza kukhutu lamanja. Anagwa, anthu namuunjikira. Amene anaima pakati ndi mai Esinati. Anataya beseni la zitumbuwa, nadzigwetsa pamwamba pa Gusito akukuwa, "Ndinaona ndi maso angawa akumuyeza m'sitolomu! Ndi wa nyimbo uyu! Yambani kupha ine!" Anthu atadodoma pang'ono, a Chikwatu anamugwira m'khwapa namukokera m'sitolo, kudutsa pambali pa makina anga, natseka chitseko ndi mpiringidzo. Apolisi anafika dzuwa lisanalowe. Nthawi yonseyo ndinali chikhalire, phazi pachopondera cha makina.

Madzulo ndinanyamula zidutswa zofiira zija ndi zakuda zomwe m'thumba la malaya, ndi kukaziponya pamoto kunyumba. Mkazi wanga anafunsa kuti n'chiyani chikununkha. Ndinati zinyalala.

Palibe amene ananditukwana. Kukanakhala bwino akananditukwana. A Chikwatu ankandipatsa moni wa mlendo. Mai Esinati anasamutsa beseni lawo kupita tsidya la msewu. Mphekesera zinazilala monga zinabwerera, ndipo anthu amene ananyamula miyala anabwereranso kudzachepetsa mathalauza. Ine ndinkasoka, koma Lamulungu ndinasiya kukhala pampando wa kutsogolo. Abusa atafunsa, ndinati maso akuvuta.

Itatha miyezi iwiri, Gusito anabwera. Anali atavala malaya wamba, atawonda. Anaika jumbo pamakina anga. Mai Esinati atamuona anawoloka msewu kudzamupatsa moni, ndipo sanabwerere.

"Ndamva kuti zigamba mumatha," anatero.

Ndinatsegula jumbo. Mkono umodzi unali utazuka paphewa, kolala itang'ambika, chofiira cha mkati chikulendewera, mabatani atatsala asanu ndi awiri. Matope anali ataumira momwemo.

"Analisoka ndi telala wakunja," anatero. "Kaya inu mungafikepo pa luso lake."

Ine sindine munthu wopepesa. Bambo anga sindinawapepesepo, mkazi wanga ayi. Ndinayang'ana pansi, ndi kunena motsitsa, "Aphwanga, ndinalakwa."

Anatembenuza mutu, naloza khutu lamanzere. "Lankhulirani mbali iyi. Lamanjali linatsekeka."

Pamenepo m'pamene ndinadziwa chimene chibonga chinachita. Munthu wodya za nyimbo.

"Ndinalakwa," ndinabwereza. "Ndinachita mantha."

"Kwezani mawu, atelala," anatero mai Esinati. "Tsiku lija munakweza."

Ndinaimirira. Pakhonde panali a Chikwatu, wokonza njinga, ndi anthu ena odikira matola. Ndinati, "Jekete ili ndinasoka ndine. Ndinamuyeza ndine, ndinadula ndine, ndinamuuza kuti asalipinde ndine. Tsiku lija ndinanama."

Wokonza njinga anapitiriza kupopa tayala.

Gusito anati, "Mantha tonse tinali nawo, madala. Ngakhale omenyawo. Koma ine pamsika wonsewu ndinkadziwa munthu mmodzi."

Anachoka osanena tsiku lodzatenga.

Ntchito yokonza inali yovuta kuposa yosoka. Ndinalichapa ndi madzi ozizira, ndi kuliyanika pamthunzi. Ndinamasula chofiira chonse, ndinalumikiza mong'ambikamo ndi singano ya manja kuchokera mkati, ulusi umodzi umodzi, kuti chilonda chisaonekere kunja. Mkono ndinaubweza polowetsa phewa pang'ono mbali zonse ziwiri kuti zifanane. Zidutswa zimene zikanandithandiza pakolala ndi zija ndinawotcha, choncho ndinadula kachigawo kumunsi kwa jekete, ndipo linafupika ndi zala ziwiri. Mabatani otero sanapezeke. Ndinachotsa otsalawo ndi kuika akuda okhaokha. Zonsezi sindinachitire m'chipinda cha kumbuyo. Ndinachitira pakhonde, fumbi lilipo, ndipo ndikaweruka pamakina ndinkalipachika pamsomali wa kutsogolo, chofiira chili poyera. Tsiku la msika anthu ankaima. Ena ankalizindikira n'kufulumira kuchoka. Ena ankafunsa kuti n'la yani, ndipo ndinkayankha zonse, ndi za bodza langa zomwe. Wa mbuzi uja anadutsa kawiri osatembenuka.

Gusito anabwera patatha milungu itatu. Analivala, nagwedeza mapewa, nayang'ana kumunsi.

"Lafupika."

"Ndi zala ziwiri."

"Koma lakhala." Analivula, nalikoleka pamkono mosamala, osalipinda. Sananene kuti wandikhululukira, ndipo ine sindinapemphe kawiri. Ndinamva pambuyo pake kuti madisiko anasiya, chifukwa ndi khutu limodzi samatha kumva ngati zokuzira mawu zikulira mofanana. Akuti ankagulitsa matepi ku Limbe. Sindinamuonenso.

Kuyambira nthawi imeneyo chovala chilichonse chochoka pamakina anga, kaya suti, kaya kabudula wa chigamba, ndimasokerera dzina langa mkati mwake ndi ulusi woyera. Anzanga a ntchito amati ndi matama. Aziti choncho. Ndimatero kuti ndisadzakhalenso ndi pothawira. Ophunzira amene adutsa m'manja mwanga ndawaphunzitsa kudula phewa ndi kuimitsa kolala, koma ndimayamba ndi nkhani iyi, ndipo sindiifewetsa. Munthu amene wavala chimene unasoka akakuitana dzina, umayankha usanayang'ane kuti kumbuyo kwake kwaima anthu angati.