Atsibweni Anawagoneka Mayi

Mayi atachitidwa opaleshoni ya kapamba ku Lilongwe, madokotala anawadzutsa mawa lake lomwe kuti aziyenda pang'onopang'ono ndi kumwa phala. Tinabwerera nawo kwathu ku Chisepo akuyenda okha. Atsibweni, omwe anapuma ntchito yachipatala kalekale koma osapuma kulamula, anawapeza akutonola chimanga pakhonde. Anakalipa ngati apeza mbuzi m'dimba mwawo. "Timadokotala ta masiku anoti! Munthu wong'ambidwa pamimba amagona, sagwedezeka!" Anawagoneka pamphasa, n'kuitana amayi a kumpingo kuti azidzawaimbira. Mayi, poopa alongo awo, anagona mpaka miyendo inatupa. Ndinawaona atsibweni akudina miyendoyo ndi chala, nkhope ili ngwee. "Mwaona? N'kuyendayenda kuja."