Kope la mng'ono wanga

Mng'ono wanga anabwera pa njinga kuchokera ku Mlolo Loweruka lina nyengo yozizira, atakulunga kope lachikuto cholimba m'chitenje. Nthawi imeneyo n'kuti nditaphunzitsa Chinyanja kusekondale ya pa boma kwa zaka zambiri, ndipo kwathu konse ankadziwa kuti wolemba mabuku ndine. Ndinkadzilengeza ndekha. Buku langalo ndinaliyamba ndili kukoleji. Mutu woyamba ndinali nditaulemba kasanu ndi kawiri, koma wachiwiri kunalibe.

Iye sukulu anailekera mu giredi 9 atatenga pakati. Amalima nshawa ndi thonje ndi mwamuna wake, ndipo ali ndi ana anayi.

"Asisi, kuwailesi akuti akulandira nkhani zopeka, aziwerenga Lamlungu masana," anatero. "Munditayipireko pa kompyuta yanuyo. Malembo angawa ngokhotakhota."

"Iweyo walemba nkhani?"

"Kankhani chabe."

Atapita ndinatsegula kopelo kuti ndisekeko. Inali nkhani ya mayi wina amene mwamuna wake anasowa zaka zisanu ndi zinayi, kenako n'kutulukira ndi kachikwama kamodzi, n'kupeza mkazi uja atafolera nyumba ndi malata. Panalibe mawu oyamba, panalibe za dzuwa kapena mbalame. Mzere woyamba unali funso la mayiyo ali pakhomo, kufunsa bamboyo ngati wabwera kudzakhala kapena kudzangoona. Ndinawerenga masamba onse khumi ndi awiri ndili chiimire, thumba la mbatata limene anandibweretsera lili pomwe analisiya.

Nditamaliza ndinakhala pansi. Ndinatenga bolopeni yofiira, yomwe ndimachongera ana a sukulu, n'kuyamba kusaka zolakwika. Ndinazipeza ndithu. Mipumiro inasowa, mawu ena anawaphatikiza, ena anawadula pakati. Chilichonse chimene ndinapeza chinkandikomera. Koma nditazunguliza zonsezo, nkhani ija inali ikadali yabwino, ndipo ndinadziwa kuti pa mutu wanga uja, wolembedwa kasanu ndi kawiri, panalibe tsamba lolingana nayo.

Anabweranso patapita sabata. Ndinamukhazika pampando ngati mwana wa m'kalasi.

"Wayesetsa," ndinatero, "koma nkhani siyamba choncho. Uyambe wafotokoza mudzi, nyengo, mbiri ya banjalo. Uikemonso miyambi, iwiri kapena itatu pa tsamba."

"Zinalimo zimenezo, asisi. Ndinachotsa."

"Unachotseranji?"

"Ndimawawerengera amayi anzanga tikamasenda nshawa. Pamene ayamba kukamba za mtengo wa feteleza, ndimadziwa kuti pamenepo m'posakoma, ndiye ndimang'amba. Pa masamba atatu oyamba onse iwo anangokamba za feteleza."

Ndinaseka, koma kuseka kwa pamano. Ine ndinali ndi mabuku a malangizo a kalembedwe, ena ndinawerenga mpaka kuthothoka masamba, ndipo uyu wangotola nzeru yomweyo pamphasa ya nshawa.

Chimene ndinachita pambuyo pake sindinamuuzepo munthu kufikira lero. Kope lija ndinalisunga masabata atatu osatayipa chilembo n'chimodzi chomwe. Akaimba foni ndinkati magetsi avuta. Ulendo wina ndinati kompyuta yafa, pamene m'mawa womwewo ndinali nditatayipira mayeso a giredi 11. Ndinkadziuza kuti ndikumuteteza, kuti anthu a kuwailesi angamuseke. Koma madzulo aliwonse ndikaweruka ndinkatsegula kopelo n'kuwerenganso malo amene mayi uja akupatsa mwamuna wake madzi m'kapu ya alendo.

Sabata yachinayi anabwera yekha osaimba.

"Ndipatseni kope lija, asisi. Ndaona kuti ntchito yakuchulukirani."

Sanakwiye, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa. Anakakopera nkhani yonse pamanja, pa mapepala oyera, akutsatira mipumiro yanga yofiira ija, n'kupatsira dalaivala wa minibasi yopita ku Chipata.

Anaiwerenga kuwailesi patapita masabata awiri. Ine ndinamvera ndili m'khitchini, wailesi nditatsitsa. Lolemba lake ahedi anandiimitsa pakhonde la ofesi, aphunzitsi ena ali pomwepo.

"Amadamu, zikomo kwambiri. Tamva nkhani ya ang'ono anu. Zikuonekeratu kuti munawasula ndinu."

"Timayesetsa," ndinayankha. Sindinakane.

Pa holide ya Ogasiti ndinapita ku Mlolo, ndinati ndikukaona ana. Chenicheni ndinkafuna kuona kuti amachita bwanji, chifukwa mumtima ndinkakhulupirira kuti pali munthu amene amamulembera. Ndinakhalako masiku asanu. Panalibe munthu. Masana aliwonse, anthu akadya, iye ankakhala pa chitsa kuseri kwa nkhokwe, kope pabondo, n'kulemba tsamba limodzi. Limodzi basi. Mwana akalira ankamuika pamiyendo n'kupitiriza. Tsiku lina ndinasuzumira n'kuona kuti walekeza pakati pa chiganizo.

"Bwanji osamaliza?"

"Ndikamaliza, mawa ndimasowa poyambira. Ndikasiya chonchi, ndimalima nacho m'mutu m'mawa wonse."

"Nanga zimene walemba dzulo subwererako kukakonza?"

"Ayi, mpaka nkhani ithe. Ukamapalira mzere umodzimodzi, munda sutha."

Kuchigayo ndinamuona akumvetsera amayi awiri amene ankakangana za mbuzi yodya mbewu. Pobwerera ankangobwereza mawu a mmodzi wa iwo chapansipansi kuti asawaiwale. Ine ndinali pomwepo, ndinamva mkangano womwewo, koma chimene ndinatolapo n'chakuti amayiwo analibe ulemu.

Tsiku lachinayi ndinatulutsa mutu wanga woyamba uja, umene ndinabwera nawo mobisa m'chikwama. Amayi asanu anali pamphasa akusenda nshawa. Ndinati ndiwawerengereko zanga, kuti amve kusiyana kwake. Anandipatsa ulemu wonse, paja ndine mphunzitsi. Ndinawerenga za mapiri, za mtsinje, za mibadwo ya makolo a namwino amene ndiye mwini nkhani. Pa tsamba lachiwiri mayi wina ananong'oneza mnzake za ukwati wa ku Zemba. Pa tsamba lachitatu wina anadzuka kukaona nkhuku. Ndinaleka, ndipo palibe amene anazindikira kuti ndaleka.

Anthu atabalalika, mng'ono wanga anakhala pafupi nane.

"Chinyanja chanu n'chokoma, asisi. Ine sindingathe choncho. Koma namwinoyu akufuna chiyani?"

"Zibwera kutsogolo."

"Anthu sadikira za kutsogolo. Muuzeni afune kanthu pompano, ngakhale mchere."

Ndinafuna kumufunsa kuti anaziphunzira kukoleji iti zimenezo. Tsiku limenelo sindinamulankhulenso, ndipo m'mawa mwake ndinanyamuka ndisanadye.

Namwino uja ndinamusiya. Sukulu itatsegulidwa ndinayamba nkhani ina, tsamba limodzi pa tsiku, pa nthawi ya buleki, aphunzitsi anzanga akumwa tiyi. Masiku ena ndimalephera. Ndimalekeza pakati pa chiganizo monga amachitira iye, ndipo zimandinyansa kuti zimathandizadi. Iye panopa ali pa nkhani yachinayi. Ndikamva kuti ina yatha, ndimafunabe kutenga bolopeni yofiira ija.

Nkhani yanga ndi ya mayi wogulitsa zitenje pamsika amene mng'ono wake watsegula shopu moyang'anana naye, makasitomala onse n'kuthamangira komweko. Mwezi wathawu ndinapita nayo ku Mlolo n'kumuwerengera mng'ono wanga yekha, tili awiri pamphasa. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja ataleka kusenda.

"Mayi wanjiruyu mwamulemba bwino, asisi," anatero. "Akuchita kumveka ngati wamoyo. Mumamudziwa?"

"Ndi mnzanga wina wa pa boma."

Anandiyang'ana pang'ono, n'kugwedeza mutu, n'kukokera lichero pafupi.

"Mukamuuze kuti tsamba lachisanu likutalika," anatero.