Mphuno ya Mayi a Mazira

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akhala akutembenuza mazira m'kachipinda kotentha ka kulabotale, ndipo dzira anasiya kudya kalekale. Onse amangowatchula Mayi a Mazira. Chida chawo ndi mphuno. Dzira losukusa amalinunkhiza ali pakhomo, n'kulitaya lisanaphulike.

Adokotala ofufuza amaboola kawindo pachigoba, n'kubaya mankhwala otseka jini imodzi, kenako amamata selotepi n'kulembapo nambala yofiira. Jini ndi kalangizo kachibadwa. Imeneyi ndi yomwe imauza maselo kuti akwawe n'kukuta kamtima ka mwanapiye ngati khungu. Mayiwo nkhani imeneyi sankaidziwa. Ndani amafotokozera wotsuka mabotolo?

Lolemba lina m'mawa fungo linawalandira ngati mbama. Anataya mazira makumi anayi, nakolopa, nakhutira.

Adokotala atafika anagwira kumutu.

"Mayi, amanambala ofiira aja ali kuti?"

"Kudzala, achimwene. Anafa onse."

"Ndimafuna afe! Miyezi isanu ndi umodzi ndikudikira imfa imeneyo!"

"Ndiye mumandilembera kulera maliro?"

"Akapanda kupezeka pofika masana, makiyi musiye patebulo."

Bini la kuseri linali litapsa ndi dzuwa. Mayiwo anapinda manja a diresi napisamo mpaka m'mapewa. Zotsala za kukantini, magolovesi onata, ntchentche zobiriwira zikutera pamilomo. Dzira lina linawaphulikira m'dzanja, madzi ake otuwa n'kutsetserekera kuchigongono. Anasanza kawiri.

"Mwayamba bizinesi, mlamu?" anatero mlonda ataima patali, chipewa chili pamphuno.

"Bwerani ndikukazingireni."

Anapeza khumi ndi limodzi osasweka.

Adokotala anatsegula loyamba pansi pa maikulosikopu, osakwinya ngakhale nkhope, ngati munthu wobadwa wopanda mphuno. Anaomba m'manja.

"Taonani, mayi! Mbulanda!"

Mayiwo anasuzumira. Kamtima kotumbuluka, kopyapyala, kotupa ngati thuza, kopanda chofunda chilichonse. Munthu wamkulu, wophunzira mpaka kunja, akusekerera zimenezo.

"Makiyi sungani," anatero adokotala. "Koma kuyambira lero, lililonse likangofa muzibwera nalo kwa ine likadali lofunda. Mphuno yanuyo ndi yolondola kuposa makina athu."

Masiku ano amayenda m'khonde atanyamula thireyi patsogolo, mutu atatembenuzira kumbali, anthu akuwapatukira. Kunyumba mwana wawo wamkazi amawatungira madzi osamba asanawapatse moni, ndipo mdzukulu amamunyamula akamaliza kusamba.