Dzina la bambo lakana kukwana pa chiliza

Lachiwiri ndinapita pa Chitakale kwa a Likaka, amene amakonza zolemba za pa ziliza, ndipo mpaka lero mutu wanga sunakhazikike.

Tikumanga chiliza cha malemu bambo anga. Dzina lawo lonse ndi Joaquim Fransisko Namakhwa Mulelemba. A Likaka atalilemba pa kompyuta, linasefukira kunja kwa mwala. Anati njira zilipo ziwiri: kudulako dzina limodzi, kapena kusintha zilembo.

Kusintha bwanji? Ine ndinkadziwa kuti chilembo ndi chilembo basi.

Anandionetsa mtundu wina. Zilembo zake zazitali, zowonda, zopanda timapazi tija timakhala kunsi kwa zilembo za m'Baibulo. Akuti anazipanga dala kuti mawu ambiri alowe pamalo ochepa, n'chifukwa chake timaziona pamitu ya nyuzipepala ndi pamabotolo a mankhwala. Dzina lonse linalowadi, malo n'kutsalako.

Ndinatenga pepala la chitsanzo kupita nalo kumudzi ku Milonde. Mchemwali wanga Agnesi atangoliona anakana. Anati zilembozo zikuoneka zanjala, anthu adzati tinaumira malemu ngakhale malo a dzina lawo. Kuli bwino tichotse Fransisko, otsalawo alembedwe monenepa.

Mayi anga sadziwa kuwerenga. Anangoyendetsa chala papepalapo, n'kufunsa ngati mayina onse anayi alipo. Kenaka anatiuza zomwe sitinkadziwa. Bambo atawoloka malire nthawi ya nkhondo n'kukalembedwa ntchito yothyola tiyi, kalaliki anati dzina lawo silikwana pamzere, nawalemba kuti Joe. Anakhala Joe mpaka kupuma ntchito, koma kunyumba sankaliyankha.

"Anawadula kale ali moyo," anatero mayi. "Inu musawadulenso."

Ndinaganiza kuti nkhani yatha. Koma anayang'ananso pepalalo nthawi yaitali, nati zilembozo zapanikizana ngati anthu m'lole ya ku esiteti, ndipo malemu ankadana nayo loleyo.

Tsono ndimve ziti? Akana kudula, akananso kupanikiza. Mwalawo tinagula kale, sungakule.

Kuchokera tsikulo ndikuziona paliponse zilembo zowondazi: pamathumba a feteleza, paziphaso, pamafomu a kusukulu okhala ndi timabokosi towerengeka. Ndi angati kuno kwathu amene mayina awo a Chilomwe ndi Chipwitikizi anathera pabokosi lomaliza? Mwina wopanga zilembozi anatimvera chisoni. Mwinanso anangotiphunzitsa kudzipinda m'malo mopempha malo okwanira. Sindikudziwa.

Dzulo ndinawauza a Likaka kuti alembe mayina onse anayi ndi zilembo zowondazo. Agnesi sakundiyankhula. Mayi angoti chabwino, koma chabwino wake wosayang'ana kumaso.

Inu owerenga, akanakhala bambo anu, mukanasankha kuti aoneke bwino ali operewera, kapena akhale athunthu mothinana?